Kanjira ka Mita Imodzi Pakati pa Tirigu wa Mwini

M'mphepete mwa munda wa tirigu ku England mumatha kupeza kamtengo kozikidwa pansi, kolekeza m'chiuno, pamwamba pake atakhomapo kachizindikiro kozungulira kokhala ndi muvi wachikasu. Muviwo suloza m'mbali mwa munda ayi, umaloza pakatikati pa mbewu. Mukayang'anitsitsa muona kamzere ka dothi lopondedwapondedwa, kongokwana munthu mmodzi, kakudula mundawo mpaka kukafika pa mpanda wa tsidya linalo. Munthu woleredwa bwino amayamba waima kaye pamenepa, poti kulowa m'munda wa mwini osaodira tinaletsedwa tili ana. Koma apa dutsani ndithu. Mwalamulo kanjirako n'chimodzimodzi msewu, ndipo mwini munda alibe mphamvu yokubwezani, kaya ndinu wa m'mudzi momwemo kaya munatsika ndege dzulo.

Ufulu wanuwo ndi weniweni, koma ndi wopapatiza ngati kanjirako. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kuyenda wapansi m'midzi ya ku England.

Njira zoterezi ku England ndi Wales zikaphatikizidwa zimakwana mamailosi pafupifupi 140,000, omwe ndi makilomita oposa 200,000. Zambiri n'zakale kwambiri, zomwe anthu ankadzera popita kutchalitchi, kuchigayo, kumsika kapena kukagwira ntchito m'minda ya eni malo. Sizinatetezeke zokha. Mu Epulo 1932 gulu la anthu, ambiri mwa iwo achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, linakwera mwadala phiri la Kinder Scout lomwe eni ake ankaletsa anthu wamba, ndipo asanu anaponyedwa m'ndende. Bungwe la Ramblers, lomenyera ufulu wa oyenda wapansi, linakhazikitsidwa mu 1935, ndipo lamulo la 1949 linalamula makhonsolo kuti alembe njira zonsezi pa mapu ovomerezeka. Njira ikakhala pa mapu amenewo, mlimi sangaifufute mwa kungoitseka. Amaloledwa kuilima ngati ikudutsa pakati pa munda, koma pasanathe masiku 14 ayenera kuibwezeretsa, mita imodzi m'lifupi ikakhala ya oyenda pansi, mamita awiri ikakhala yodutsanso mahatchi. Imene yadzera m'mphepete mwa munda saloledwa kuilima n'komwe.

Chimene mwapatsidwa ndi kudutsa, kuima pang'ono kuti mupume kapena mudye kamba wanu, n'kupitiriza. Kuchoka m'njira n'kukayala nsalu pakati pa msipu wa munthu si ufulu wanu. Kukhoma tenti n'kugona popanda chilolezo cha mwini malo n'kosaloledwa pafupifupi mu England monse, kupatula mbali zina za Dartmoor, dera la tchire kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo. Kuyatsa moto ndiye musayerekeze. Ku Scotland malamulo ndi ena, omasuka kwambiri, choncho zimene mnzanu wa ku Glasgow amachita musazitengere ku Gloucestershire. Mukasochera n'kupezeka kuti muli m'munda molakwika, nthawi zambiri si mlandu wa apolisi. Pepesani, funsani kumene njira ili, bwererani. Alimi ambiri amangokulozerani ndi dzanja.

Mivi, mapu ndi mbali ya mpanda

Mtundu wa muvi umanena amene akuloledwa kudutsa. Wachikasu ndi footpath, ya oyenda pansi okha. Wabuluu ndi bridleway, yomwe mumagawana ndi okwera mahatchi ndi apanjinga, ndipo m'nyengo yamvula imakhala yamatope kwambiri chifukwa cha ziboda. Wapepo ndi njira yololanso ngolo zokokedwa ndi mahatchi, pamene wofiira umatanthauza kuti ngakhale galimoto kapena njinga yamoto ikhoza kutulukira. Mukaona chithunzi cha kachipatso ka mtengo wa oak, dziwani kuti muli pa imodzi mwa njira zazitali za dziko lonse, zotchedwa National Trail. Palinso njira zimene mwini malo wangolola mwa kufuna kwake, ndipo zimenezo akhoza kuzitseka tsiku lililonse.

Mivi yokha musaidalire. Ina inagwa, ina inaphimbidwa ndi zitsamba, ndipo muvi umangokuuzani koyambira, sukuperekezani. Mapu oyenera ndi a Ordnance Survey a mtundu wa Explorer, achikuto cha olenji, a muyeso wa 1:25,000. Pa mapu amenewa masentimita 4 ndi kilomita imodzi, ndipo kabokosi kalikonse ka mizere yabuluu ndi kilomita imodzi mbali zonse. Footpath imaoneka ngati timizere tifupitifupi tobiriwira, bridleway timizere totalikirapo, ndipo National Trail imakhala ndi timadayamondi tobiriwira. Alipo mapu ena achikuto cha pinki, a Landranger, a 1:50,000, koma m'minda amakusiyani m'malere chifukwa saonetsa malire a minda. A Explorer amajambula mpanda uliwonse ndi kamzere kakuda kopyapyala.

Kamzere kakuda kameneko ndiye nkhani yonse. Anthu sasochera ku Cotswolds, dera la zitunda ndi minda kumadzulo kwa London, chifukwa cha nkhalango yowirira kapena phiri lalitali. Amasochera chifukwa anayenda kumanzere kwa mpanda pamene njira inali kumanja kwake. Mumayenda mamita 400 mtima uli m'malo, kenako n'kupeza kuti mwafika pakona ya munda, kutsogolo kuli waya waminga ndi zitsamba zaminga, ndipo chipata chomwe mumafuna mukuchionera kuseri. Choncho pa chipata chilichonse, musanaponye phazi, onani pa mapu: timizere tobiriwirato tili mbali iti ya kamzere kakuda? Ngati njira ikudula munda modutsa pakati ndipo mlimi wangolima kumene, yang'anani kutsidya musanalowe, mupeze chipata kapena kamtengo ka muvi, n'kulunjika pamenepo.

Mapu omwewa amapezeka pa foni, ndipo kadontho kosonyeza pamene mwaima kamathandiza zedi. Koma akopereni mufoni mukadali kunyumba, chifukwa m'zigwa netiweki imasowa, ndipo kuzizira kumadya batire mofulumira. Mapu apepala m'kajumbo ka pulasitiki salemera kanthu.

Zipata

Pa mtunda wa makilomita 15 mukhoza kudutsa zipata makumi angapo, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake. Stile ndi kathabwa kamodzi kapena tiwiri tokhomedwa modutsa mpanda kuti munthu akwere n'kutsikira mbali inayo koma nkhosa zilephere. Thabwalo likanyowa limakhala ndi ndere ndipo limaterera ngati sopo, choncho gwirani mzati ndi dzanja limodzi, pondani ndi phazi lonse, ndipo musalumphe potsika muli ndi katundu kumsana. Ku Cotswolds ma stile ena ndi mwala umodzi waukulu wophwatalala woimikidwa chilili, wosalala pamwamba chifukwa cha mapazi a mibadwo. Kissing gate ndi kachitseko kamene kamayenda uku ndi uku mkati mwa kampanda kopindika: mumakakankha, kulowa pakona, kukabweza, n'kutuluka. Chikwama chachikulu chimakodwa pamenepa, ndipo ndi bwino kungochivula n'kuchidutsitsa pamwamba kusiyana n'kulimbana nacho.

Pa mageti akuluakulu a mlimi lamulo ndi limodzi: lisiyeni mmene mwalipezera. Lotseka litsekeni, ndipo tsimikizani kuti kachitsulo kalowadi, osangolikankha n'kumapita. Lotsekula lisiyeni lotsekula. Apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa, poganiza kuti wina anaiwala kutseka, chonsecho mlimi analisiya dala kuti ziweto zizipita kukamwa madzi m'munda winawo. Mukamayenda pagulu, womaliza ndiye wotseka, ndipo woyamba auze am'mbuyo mmene analipezera. Geti likakhala lomangidwa ndi unyolo pa njira yovomerezeka ndipo palibe podzera pena, kwererani kumbali ya mahinjesi kumene kuli kolimba, kenako kadziwitseni khonsolo.

Makoma amiyala a m'derali ndi oyalidwa popanda simenti kapena dothi, mwala pamwamba pa mwala, ndipo amaima chifukwa cha kulemera kwake ndi luso la woyala. Munthu mmodzi wokwera pamwamba akhoza kugumula mbali imene mmisiri angaibwezeretse tsiku lathunthu. Musakwere khoma. Kachingwe kopyapyala koyera kapena kawaya komangidwa pa timitengo tapulasitiki nthawi zambiri kamakhala ka magetsi. Sikapha, koma kamanyanyula kosaiwalika, ndipo pamene njira ikudutsa pamakhala kogwirira ka pulasitiki komasulira ndi kukoletsanso.

Ng'ombe

Ngati pali chinthu chimodzi choopsa m'dziko lofatsali, ndi ng'ombe. Chaka ndi chaka kumamveka za oyenda pansi amene avulazidwa nazo, ena mpaka kumwalira. Amene anakulira kubusa asanene kuti ng'ombe ndimazidziwa. Za kuno n'zazikulu, zina zoposa makilogalamu 600, ndipo zambiri sizinazolowere kuyenda ndi mbusa tsiku ndi tsiku. Zimakhala zokha mumpanda, munthu zimamuona mwa apo ndi apo.

Ambiri amaopa nkhunzi, koma lamulo linaikapo kale malire. Nkhunzi yopitirira miyezi 10 ya mitundu yamkaka, monga Friesian, Holstein, Jersey ndi Guernsey, siloledwa m'munda wodutsa njira ya anthu, ndipo ya mitundu yanyama imaloledwa pokhapokha ili pamodzi ndi zazikazi. Zimene zimavulaza anthu kawirikawiri ndi zazikazi zokhala ndi ana aang'ono, makamaka munthuyo akakhala ndi galu. Kwa mayi wa thole, galu ndi chilombo.

Mukafika pa chipata, imani kaye muwerenge mundawo. Ng'ombe zili kuti? Pali ana? Chipata chotulukira chili pati, ndipo pali pothawira pena? Ngati zagona kapena zikudya kutali, dutsani mwakachetechete, osathamanga, osakuwa. Ngati zaima panjira penipeni, zilambalaleni patali ngakhale kutero kukuchotseni m'njira pang'ono, n'kubwereramo mukazipitirira. Musadutse pakati pa mayi ndi mwana wake, ngakhale mwanayo atagona yekha mu udzu mbali ina ndipo mayi ali mbali inayo. Musadzipanikize pakati pa gulu la ng'ombe ndi mpanda wopanda potulukira.

Ng'ombe zazing'ono zongokula kumene zili ndi chidwi ngati ana asukulu. Zimabwera gulu lonse mothamanga, n'kuima mamita ochepa kuchokera pamene muli, zikupumira m'mwamba, kenako n'kumakutsatirani kumbuyo. Mtima umagunda ndithu. Koma mukathamanga nazonso zimathamanga, ndipo zimakuposani liwiro. Tembenukani muziyang'ane, tambasulani manja, lankhulani ndi mawu olimba koma osakalipa, ndipo zimabwerera m'mbuyo. Pitirizani kuyenda pang'onopang'ono, mukutembenuka nthawi ndi nthawi. Yosiyana ndi imene yaweramitsa mutu, ikupalasa pansi, ikupukusa mutu n'kumalira mokalipa. Imeneyo musakambirane nayo, bwererani chafutambuyo mpaka pa chipata, mukafune njira ina pa mapu. Kuzungulira makilomita awiri si chamanyazi.

Galu akhale pa chingwe chachifupi paliponse pamene pali ziweto. Koma ng'ombe zikayamba kukuthamangirani, m'masuleni. Galu amathawa yekha mosavuta, ndipo ng'ombe zimatsata iye n'kukusiyani inu. Anthu ambiri ovulala ndi amene anakakamira chingwe kapena ananyamula galu m'manja.

Nkhosa sizivuta, koma zili ndi zake. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo zimaswa, ndipo kamwana kamene mwakapeza kokha musakanyamule, mayi wake ali pafupi. Amayi oyembekezera amalangizidwa kupewa kukhudza nkhosa zoswa kumene ndi ana ake chifukwa cha matenda amene angavulaze pakati. Mukaona nkhosa itagona chagada, miyendo inayi m'mwamba, sikusewera ayi. Ubweya wolemera kapena bere zimailepheretsa kudzuka, mpweya umadzaza m'mimba, ndipo ikhoza kufa m'maola ochepa. Ifikeni modekha, igwireni ubweya wa m'mbali, igubuduzeni kuti miyendo ibwerere pansi, n'kuichirikiza pang'ono mpaka dzanzi lithe. Mukapeza nyumba ya mlimi pafupi, muuzeni.

Masiku awiri oyambirira a Cotswold Way

Kwa wofuna kulawa, chigawo chakumpoto cha Cotswold Way ndicho chabwino kuyambira. Njira yonseyi ndi mamailosi 102, makilomita 164, kuchokera ku Chipping Campden mpaka pakhomo la tchalitchi chachikulu cha Bath Abbey, ndipo inakhala National Trail mu 2007. Ambiri amaimaliza m'masiku 7 mpaka 10. Malo okwera kwambiri ndi Cleeve Hill, mamita 330 okha, koma zimenezi zisakunyengeni. Njirayi imatsata m'mphepete mwa chitunda chachitali, kutsikira m'mudzi, kukweranso, kutsikiranso, moti zikweza zake zonse mukaziphatikiza zimaposa kutalika kwa Sapitwa. Palibe chikweza chimodzi chachikulu chimene chimakuthyolani. Zimakuthyolani n'zing'onozing'ono zobwerezabwereza.

Kuchokera ku London Paddington sitima imatenga pafupifupi ola ndi theka kufika ku Moreton-in-Marsh, kenako basi kapena takisi kukafika ku Chipping Campden. Mapu a chigawo chino ndi Explorer OL45. Njira imayambira pa Market Hall, kanyumba kamsika kamiyala kopanda zitseko komangidwa mu 1627, komwe pansi pake miyala inakumbika ndi mapazi. Tauniyi inalemera ndi ubweya wa nkhosa zaka mazana apitawo, ndipo ndalama za ubweyawo ndi zimene zinamanga tchalitchi cha St James, chachikulu kuposa mmene mudzi wotere ungafunire. Nyumba zonse n'zamwala wa laimu wa m'deralo, wa mtundu wa uchi, umene dzuwa lamadzulo likauwomba umaoneka ngati ukuyaka.

Tsiku loyamba ndi lalifupi, makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Broadway. Mumakwera Dover's Hill, pamene chigwa chonse cha Evesham chimatambasuka pansi panu, kenako mumadutsa m'minda mpaka ku Broadway Tower, nsanja yomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 pamalo okwera mamita 312. Kuchokera pamenepo n'kutsetsereka kokhakokha m'misipu ya nkhosa mpaka m'mudzi. Maola atatu kapena anayi akwana.

Tsiku lachiwiri, Broadway mpaka Winchcombe, ndi makilomita pafupifupi 19, ndipo ndilo lokoma koposa. Mumakwera chitunda, n'kutsikira ku Stanton, mudzi wa msewu umodzi umene suoneka kuti unasintha kwenikweni kuyambira zaka za m'ma 1600. Pakati pa Stanton ndi Stanway njira imadutsa m'misipu yathyathyathya yokhala ndi mitengo ikuluikulu, ndipo mukayang'ana pansi muona kuti udzuwo uli ndi mizere italiitali yotakata ngati mafunde. Imeneyo ndi mizere ya makasu a ng'ombe a zaka mazana ambiri zapitazo, yomwe inatsala chomwecho minda itasanduka busa la nkhosa. Mukapitirira Wood Stanway pali chikweza chowawa kwambiri cha tsikulo, chokafika ku Stumps Cross, kenako mumatsikira ku mabwinja a Hailes Abbey, nyumba ya amonke yokhazikitsidwa mu 1246 n'kutsekedwa mu 1539. Ku Winchcombe kuli masitolo, malo ogona ndi mabasi opita ku Cheltenham. Amene ali ndi tsiku lachitatu akwere kukaona Belas Knap, manda amiyala a zaka pafupifupi 5,000, n'kupitirira ku Cleeve Hill.

Kawerengedwe ka nthawi kodziwika ndi ka William Naismith ka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola limodzi pa mamita 600 alionse okwera. M'minda kawerengedwe kameneka kamanama, chifukwa sikawerengera zipata, matope, kuima poona mapu ndi kulambalala ng'ombe. Werengerani makilomita atatu ndi theka pa ola. Makilomita 19 ndiye kuti maola asanu ndi theka mukuyenda, ndipo ndi kupuma ndi kudya amafika 7. Mu Juni zilibe kanthu, poti dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku. Mu Disembala limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, moti wonyamuka 10 koloko m'mawa chigawo chomaliza adzachiyenda mumdima, m'munda wa ng'ombe, akufufuza stile ndi tochi ya foni.

Matope, mapazi ndi zovala

Pamwamba pa chitunda pali mwala wa laimu umene umamwa madzi, choncho pamauma msanga. M'munsi muli dongo. Madzi olowa m'mwala uja akafika pa dongo amatulukira m'mbali ngati akasupe, ndipo n'chifukwa chake midzi yakale ngati Stanton inamangidwa m'tsinde mwa chitunda. Kwa woyenda, zimenezi zikutanthauza kuti matope oipitsitsa amakhala chakumunsi kwa chitsetse ndi pa mageti pamene ng'ombe zimasonkhana. Kuyambira Novembala mpaka Malichi dongolo limakakamira kunsi kwa nsapato mpaka phazi lililonse kulemera ngati mwamangirira njerwa. Pa geti lamatope musadzere pakati. Pondani pa timitu ta udzu m'mbali, dzanja lili pa mzati, ndipo ndodo imathandiza kuyeza kuya kwake.

Nsapato zikhale zosalowa madzi, za mapazi a mano akuya, ndipo zikhale zoti mwaziyendera kale masiku angapo. Nsapato yatsopano pa ulendo wa makilomita 19 ndi matuza basi. Gulani yokulirapo pang'ono, kuti chala chachikulu chisagunde kutsogolo potsetsereka, chifukwa kugundako ndiko kumadetsa ndi kuzula zikhadabo. Masokosi akhale a ubweya kapena opangidwira kuyenda, osati a thonje, poti thonje likanyowa limasunga madzi, khungu limafewa, kenako limasupuka. Tengani peyala ina youma yosinthira masana. Mukangomva kutentha pachidendene, imani nthawi yomweyo, vulani, pukutani, matanipo pulasitala. Mphindi zisanu zimenezo zimapulumutsa tsiku lonse lotsatira. Ngakhale kopanda mvula, mame a m'mawa mu udzu wautali amanyowetsa nsapato zansalu pasanathe mphindi khumi.

Jinzi isiyeni kunyumba, imalemera ikanyowa ndipo siuma. Valani zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, zoti muzivula pokwera n'kuvalanso mukaima, ndipo jekete yamvula ikhale m'chikwama ngakhale kumwamba kuli mbee. Mvula ya kuno kawirikawiri si yamabingu yogwa n'kusiya. Ndi yowaza, yamphepo, yokhalitsa, ndipo imazizira mpaka m'mafupa ngakhale mu Julayi. Onani zanyengo za Met Office m'mawa wa tsikulo, osati za sabata yatha. Madzi akumwa tengani lita imodzi ndi theka, malita awiri kukatentha. Madzi a m'timitsinje musamwe ngakhale aoneke oyera bwanji, adutsa m'makola ndi m'minda ya feteleza.

M'mudzi

Midzi yambiri yokongolayi ilibe sitolo ngakhale imodzi. Ichi chimadabwitsa alendo, amene amaona dzina la mudzi pa mapu n'kuganiza kuti akagulako buledi. Kamba wa tsiku lonse mugule musananyamuke. Chimene mudzi umakhala nacho kawirikawiri ndi tchalitchi ndi pub. Amene samwa mowa asaope dzinalo, poti pub yakumudzi ndi malo odyera a mabanja, agogo ndi ana omwe, ndipo tiyi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimapezeka. Simukhala pansi kudikira woperekera zakudya, mumapita nokha pa kauntala kukaitanitsa ndi kulipira. Chakudya chamasana nthawi zambiri chimaperekedwa kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, ena satsekula Lolemba, ndipo Lamlungu pamadzaza moti n'kofunika kusungitsa malo. Wofika mochedwa ndi mphindi 20 amapeza khitchini yatsekedwa. Nsapato zamatope zivuleni pakhomo, kulowa ndi masokosi n'kololedwa ndipo eni ake amayamikira. Mukagula kanthu, pemphani akudzazireni botolo lanu madzi a pampopi, salipiritsa.

Matchalitchi ambiri amakhala otsekula masana, ndipo pakhonde pake pamakhala benchi yabwino kubisalirapo mvula. Ena ali ndi mpopi panja wothirira maluwa a kumanda, koma imwani pokhapokha palembedwa kuti ndi akumwa. Zimbudzi n'zosowa kunja kwa matauni. Zinyalala zonse, ngakhale makoko a nthochi, zibwerere m'chikwama.

M'njira anthu amapatsana moni wachidule, mawu amodzi kapena awiri ndi kugwedeza mutu, chinthu chimene mumzinda wa London sichichitika. Yambani ndinu. Munthu wakuda akhoza kuyenda tsiku lonse m'midzi imeneyi osakumana ndi mnzake wofanana naye, ndipo ena zimawagwetsa ulesi. N'zomveka, koma njirazi ndi zanunso, ndipo kwa wosafuna kuyamba yekha magulu a Ramblers amakonza maulendo pafupifupi sabata iliyonse m'madera ambiri, komanso lilipo gulu la Black Girls Hike lomwe linayambira ku Manchester mu 2019.

Nthawi zina njira imalowa mumsewu wa tala wopapatiza, wa zitsamba zazitali mbali zonse, wopanda podzera apansi. Yendani kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto obwera, mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Pofika pa kona yokhotera kumanja kwambiri, wolokerani kumanzere kusanafike pakonapo kuti woyendetsa akuoneni msanga, kenako bwererani. Zomvera m'makutu zichotseni.

Cholakwika chofala kwambiri pa maulendo onsewa ndi basi. Mabasi akumidzi ndi ochepa, omaliza amanyamuka kusanade, ndipo Lamlungu njira zambiri sizikhala ndi basi n'komwe. Takisi sizizungulira kufuna anthu, mumachita kuitanitsiratu. Nzeru yake ndi yokwera basi m'mawa kupita kutali, n'kuyenda wapansi kubwerera kumene kuli sitima kapena galimoto yanu, kuti madzulo musathamangitsane ndi wotchi. Pakagwa ngozi, nambala ndi 999 kapena 112, ndipo adzafuna kudziwa pamene muli, choncho phunzirani kuwerenga manambala a timabokosi ta pa mapu musananyamuke.

Nyengo ndi tizilombo

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Sepitembala. Mu Epulo ndi Meyi minda ya mbewu yamafuta ya rapeseed imachita chikasu chothobwa m'maso, ndipo ikakula imagwera m'njira n'kukunyowetsani mpaka m'chiuno. Kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti amakolola tirigu ndi balere, choncho patukirani makina akuluakulu, woyendetsa sakuonani bwino m'fumbi. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala mipanda imadzaza mabulosi akuda akutchire, ndipo kuthyola oti mudye nokha n'kololedwa. Zolimidwa, kaya ndi maapozi a m'munda kaya ngala za tirigu, ndi za mwini. Kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale mudzamva mfuti m'nkhalango, ndi nyengo yosaka mbalame za pheasant, ndipo chofunika n'kusachoka m'njira.

Njoka yaululu ndi imodzi yokha, adder, yamanyazi ndiponso yosaonekaoneka. Chimene chidzakupezani ndithu ndi nettle, chitsamba cha masamba a manomano chomera mothinana pa ma stile ndi m'mbali mwa mipanda. Chikakhudza khungu chimawotcha n'kutulutsa timatuza toyabwa kwa maola angapo, ndipo mankhwala ake ndi buluku lalitali basi.

Nkhupakupa ndiye zofunika kuziganizira. Za kuno n'zazing'ono kwambiri, zina ngati kambewu ka mpiru, ndipo zimadikira pa nsonga za udzu wautali m'malo odutsa nkhosa ndi agwape, makamaka kuyambira Malichi mpaka Okutobala. Zina zimafalitsa matenda a Lyme. Lowetsani miyendo ya buluku m'masokosi podutsa mu udzu wautali, ndipo madzulo posamba dzifufuzeni bwinobwino kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'tsitsi, ana muwaone ndinu. Pa khungu lakuda kachilomboka sikaoneka msanga, choncho papasani ndi zala, kamamveka ngati kachiphuphu kolimba. Mukakapeza musakawotche ndi machesi kapena kukapaka mafuta. Kagwireni ndi kachitsulo kosongoka kozulira kapena kachipangizo kochotsera nkhupakupa kogulitsidwa m'mafamase, pafupi kwenikweni ndi khungu, n'kukoka pang'onopang'ono molunjika m'mwamba osafinya mimba yake, kenako tsukani ndi sopo. Lembani tsikulo. Chizindikiro cha Lyme ndi chibanga chozungulira chomakulirakulira pamalo olumidwa, chimene chimatuluka pakati pa sabata imodzi ndi masabata anayi, nthawi zina mpaka miyezi itatu, ndipo pa khungu lakuda chimatha kuoneka ngati pamene munagundidwa osati chofiira ngati pa zithunzi za m'mabuku. Mukachiona, kapena mukayamba kumva kuphwanya m'thupi ndi kutentha ngati chimfine, pitani kwa dokotala wanu kapena imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo, ndipo nenani kuti munayenda m'misipu komanso tsiku limene munachotsa nkhupakupayo.